Kutchinga Kumbuyo pa Masewera a Lacrosse: Malangizo kwa Wosewera Wachinyamata

Mnyamata akapatsidwa ndodo yaitali koyamba n'kuuzidwa kuti azisewera kumbuyo, chimene chimamubwerera msanga m'maganizo ndi kumenya ndodo ya mnzake kuti mpira ugwe. Chilakolako chimenechi n'chomveka, pakuti ndodoyo imafika patali ndipo oonerera amakuwa kwambiri mpira ukathothoka m'ndodo ya mdani, koma n'chomwechinso chimene chimamwetsa matimu a ana zigoli zambiri. Ntchito ya wotchinga ndi kukankhira mdani kumalo kumene sangaponyere bwino kugolo, n'kumusunga komweko mpaka atataya mpira yekha kapena ataponya mpira wofooka umene goloboyi angaugwire mosavuta. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mapazi komanso pakamwa, ndipo ndodo imangomalizitsa zimene ziwirizi zayamba.

Lacrosse ndi masewera amene anachokera kwa eni nthaka a ku North America, makamaka mitundu ya Haudenosaunee, ndipo malamulo amene anabala kaseweredwe ka lero anakonzedwa ndi William George Beers, dokotala wa mano wa ku Montreal, m'chaka cha 1867. Lero ana amawasewera kwambiri m'sukulu za ku United States, Canada ndi Britain, kotero mabanja athu amene amakhala m'mayiko amenewa ndi amene amakumana nawo mwana akabwera kunyumba ndi ndodo ya ukonde kumutu. Mu Africa muno, dziko la Uganda linatumiza timu ku mpikisano wa dziko lonse ku Denver mu 2014, ndipo masewerawa adzaonekanso pa Olimpiki ya ku Los Angeles mu 2028. Malangizo ali pansipa akutsata kaseweredwe ka anyamata ka pabwalo lalikulu, ka osewera khumi mbali iliyonse, ndipo zimene zimasiyana kwa atsikana ndazifotokoza chakumapeto.

Dziwani bwalo ndi zida zanu

Bwalo limatalika mayadi 110 ndipo m'lifupi ndi mayadi 60, kapena kuti pafupifupi mamita 100 ndi 55. Golo ndi laling'ono, mamita 1.83 m'litali ndi m'lifupi momwe, ndipo silikhala kumapeto kwa bwalo ngati la mpira wa miyendo: laikidwa mayadi 15 kuchokera pa mzere wakumapeto, moti mdani amatha kuzungulira kuseri kwake ali ndi mpira. Malo a kuseri kwenikweni kwa golo amatchedwa X. Golo lazunguliridwa ndi mzere wotchedwa crease, umene osewera kutsogolo saloledwa kuupondamo, pamene inu otchinga mukhoza kudutsamo ngati mulibe mpira m'ndodo. Palinso mzere wina umene muyenera kuusunga m'mutu ngakhale pamene sunajambulidwe, womwe ndi mzere wa pagolo mukautalikitsa mpaka kumbali zonse ziwiri za bwalo. Aphunzitsi amautchula mwachidule kuti GLE. Munthu amene ali kuseri kwa mzerewu alibe mpata woponyera kugolo, koma akangoudutsa amakhala woopsa nthawi yomweyo.

Ndodo ya wotchinga imaloledwa kutalika mainchesi 52 mpaka 72, pamene ya osewera pakati ndi kutsogolo imakhala mainchesi 40 mpaka 42, ndipo timu imaloledwa ndodo zazitali zinayi zokha m'bwalo kupatula ya goloboyi. Mwana wamfupi asakakamire ndodo ya mainchesi 72 chifukwa choti ndi imene akuluakulu amanyamula. Ndodo yoposa msinkhu wa mwini wake imalemera kumutu, imachedwa kubwerera ikatambasulidwa, ndipo imavuta potola mpira pansi. Ndi bwino kuidula kuti ifanane ndi msinkhu wanu, mutafunsa kaye mphunzitsi za malamulo a ligi yanu, chifukwa ana aang'ono amakhala ndi miyezo yawoyawo.

Mpira wa lacrosse ndi wa labala yolimba, wolemera magalamu 140 mpaka 147, ndipo wotchinga ndi amene amaima panjira yake kawirikawiri. N'chifukwa chake chisoti, chotetezera mano, magolovesi, zotetezera mikono ndi mapewa ziyenera kuvalidwa ngakhale pa zokonzekera chabe. Ku United States, kuyambira mu 2022, zovala za m'mapewa za anyamata ziyenera kukhala ndi chotetezera pamtima chovomerezeka, popeza mpira ukagunda pachifuwa pa nthawi yolakwika ukhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima. Mukagundidwa m'mutu n'kumamva chizungulire, tulukani m'bwalo ndipo muuze mphunzitsi, ngakhale masewera atafika pokoma.

Choyamba ndi kaimidwe ndi mapazi

Imani mapazi atatalikirana kuposa pang'ono kutambalala kwa mapewa anu, mawondo atapindika, chiuno chili pansi, chifuwa chili chowongoka, ndipo thupi litsamire kutsogolo kwa mapazi, osati pa zidendene. Ndodo ikhale kutsogolo kwanu, manja onse awiri ataigwira, mutu wake utaloza magolovesi a mdani. Kutalika kwa ndodoko ndi kumene kumakupatsani mpata wa kuona kumene iye akupita musanagundane, choncho musauwononge mpatawo pomuyandikira kwambiri akadali kutali ndi golo.

Maso anu akhale pa chiuno chake. Wosewera kutsogolo waluso amanamiza ndi mutu, mapewa, maso ndi ndodo, koma chiuno sichinama, pakuti kumene chaloza ndi kumene thupi lonse lipite. Ana ambiri amadojedwa chifukwa choyang'ana mpira umene ukuvinitsidwa m'ndodo, ndipo pamene akuzindikira kuti mwini ndodoyo wasintha njira, amakhala atawadutsa kale.

Mdani akamayenda pang'onopang'ono chammbali, mutsatireni mokwekwesa mapazi popanda kuwapingasa. Akathamanga zenizeni, kukwekwesa sikungamupeze, ndiye bwezani phazi la mbali imene akupitayo kumbuyo, tembenuzani chiuno, n'kuthamanga naye limodzi chiuno ndi chiuno. Cholakwa chimene chimaoneka kwambiri apa ndi kuponda kutsogolo pa nthawi imene mdani wayamba kudoja. Sitepe yoyamba ya wotchinga imapita kumbuyo, chifukwa kumbuyoko ndi kumene kuli golo limene mukuteteza.

Chachiwiri ndi kafikidwe pa munthu amene walandira mpira

Zigoli zambiri zimayambira pa kafikidwe koipa. Tiyerekeze kuti munthu amene mukumumaka ali mayadi khumi kuchokera pamene mwaima, ndipo mnzake wamuponyera mpira. Nyamukani mpira ukadali m'malere, musadikire kuti augwire. Thamangani mwamphamvu gawo lalikulu la mtundawo, koma mukatsala pang'ono kufika chepetsani liwiro ndi timasitepe tating'onoting'ono tofulumira, chiuno chikutsika, ndodo itatsogola. Mukafika ndi liwiro lonse, iye amangopatuka pang'ono inu n'kupitirira nokha, ndipo mukafika mwaulesi mumamupatsa nthawi yoponya kugolo manja ali omasuka.

Musamulunjike pamphuno. Fikani mokhota, kuti thupi lanu litseke mbali imene simukufuna kuti apite. Mbusa akamalowetsa mbuzi m'khola sayigwira miyendo, amangoima mbali ya kutchire, mbuziyo n'kuona kuti njira yotseguka ndi ya kukhomo. Mbali imene muyenera kutseka ndi ya pakati pa bwalo, kutsogolo kwa golo, chifukwa munthu akafika pamenepo amaona golo lonse ndipo akhoza kuponya kapena kupatsira mbali iliyonse. Mukamukankhira chakumbali kuti atsike motsata mzere wa m'mphepete, sitepe iliyonse imene akuponda imachepetsa gawo la golo limene akuliona, mpaka goloboyi amangoima pa mtengo umodzi n'kutseka zonse.

Pa mphindi zoyambirira za masewera, onetsetsani dzanja limene mdani wanu amadalira. Pa msinkhu wa ana, ambiri amaponya bwino ndi dzanja limodzi lokha, ndipo mukawakakamiza kugwiritsa ntchito linalo amachedwa, amagwetsa mpira, kapena amabwerera okha. Nthawi zina kutseka pakati ndi kutseka dzanja lamphamvu sikugwirizana, ndipo pamenepo tsatirani zimene mphunzitsi wakonza, pakuti anzanu otchinga aima moyembekezera kuti mdaniyo apita mbali imene munagwirizana.

Chachitatu ndi kutchinga kuseri kwa golo

Apa ndi pamene wotchinga wa ndodo yaitali amathera nthawi yambiri, ndipo m'pofunika kudekha. Munthu ali pa X sangagoletse, choncho palibe chifukwa chomulumphira kapena kutaya kaimidwe kanu pofuna kumulanda mpira. Zoopsa zake ndi ziwiri: akhoza kupatsira mnzake amene akudutsa kutsogolo kwa golo, kapena akhoza kuzungulira yekha n'kudutsa GLE. Kuti asapatsire bwino, ndodo yanu izikhala pa magolovesi ake nthawi zonse, ikumusowetsa mtendere. Kuti asazungulire, muyenera kufika pa GLE iye asanafike.

Chimene iye akufuna ndi kukafika pamalo a mayadi pafupifupi asanu kutsogolo kwa GLE ndi mayadi asanu kuchokera pa mtengo wa golo, chifukwa pamenepo akhoza kutembenuka n'kuponya. Pamene akuyandikira mzerewo, inu khalani kale mbali ya kumtunda kwake, ndiko kuti mbali yoloza kumzere wa pakati pa bwalo, tembenuzani chiuno kuti chifuwa chanu chiyang'ane kumzere wakumapeto, ikani magolovesi onse awiri pamodzi pa chiuno kapena pa nthiti zake, ndipo mukankheni ndi miyendo, mikono itawongoka, kuti abwerere kuseri kapena apite kutali ndi golo. Mphamvu ichokere m'miyendo. Mukamutsamira ndi chifuwa, iye amamva kulemera kwanu, amazungulira chamkati, inu n'kugwa chafufumimba. Akatembenukira mkati chonchi pamene inu mwatseka kumtunda, mwachita mbali yanu, popeza kumeneko kuli crease imene sangaipondemo ndiponso mnzanu amene akubwera kudzathandiza.

Samalani ndi manja pokankha. Kukankha munthu ndi gawo la ndodo limene lili pakati pa manja otalikirana kumatchedwa cross-check, ndipo woimbira amakutulutsani. Kukankha kuchokera kumbuyo nakonso n'kolakwa, choncho mukaona nambala ya kumsana kwa jezi yake, chotsani mphamvu.

Chachinayi ndi ndodo

Mwa njira zonse zomenyera ndodo ya mdani, zimene amazitcha check, wosewera wachinyamata akufunika ziwiri kapena zitatu basi. Yoyamba ndi poke check, yomwe ndi kubaya molunjika: dzanja lam'munsi limakankha ndodo kuti itsetsereke m'dzanja lam'mwamba, mutu wake n'kukagunda golovesi la dzanja lam'munsi la mdani, kenako n'kuibweza msanga. Malamulo amawerengera golovesi limene lagwira ndodo ngati gawo la ndodoyo, choncho kuligunda n'kololedwa. Yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndi yopindulitsa kuposa zonse ngakhale kuti oonerera saiombera m'manja, ndi lift check: mumalowetsa mutu wa ndodo pansi pa dzanja lake lam'munsi n'kulinyamula pa nthawi imene akufuna kuponya. Munthu amene dzanja lake lanyamulidwa sangaponye molunjika, ndipo inu simunataye kaimidwe kanu. Yachitatu ndi slap check, kumenya kwakufupi kochokera m'manja, kosachita kukoka ndodo kumbuyo ngati mukudula mtengo.

Lamulo lake ndi lakuti mapazi asaime pamene ndodo ikugwira ntchito. Ana ambiri akamamenya amaima chilili, ndipo mdani wochenjera amadikira nthawi yomweyo kuti adutse. Nthawi yabwino yomenya ndi pamene iye waika manja onse awiri pa ndodo kuti apatsire kapena aponye, chifukwa pamenepo ndodo yake imaonekera. Zomenya modutsitsa ndodo pamwamba pa mutu wa mdani, zimene mumaziona m'mavidiyo a pa YouTube, zisiyeni kaye. Amene amazichita anayamba adziwa kutchinga ndi mapazi kwa zaka zambiri, ndipo mavidiyowo saonetsa maulendo amene analephera n'kumwetsa chigoli.

Kumenya mosasamala, kapena kugunda mutu, msana ndi miyendo, kumatchedwa slashing, ndipo chilango chake ndi kukhala kunja mphindi imodzi mpaka zitatu malinga ndi kukula kwa cholakwacho. Zolakwa zing'onozing'ono monga kugwira kapena kukankha kumbuyo zimakutulutsani masekondi 30 ngati mpira unali ndi timu inayo. M'malamulo a ana a USA Lacrosse, bungwe loyendetsa masewerawa ku United States, kumenya ndi dzanja limodzi kumawerengedwa ngati slashing pa msinkhu wa ana aang'ono, ndipo kugundana ndi thupi n'koletsedwa kwa ana aang'ono, kumangololedwa pang'ono akamakula. Mphindi imodzi imaoneka yochepa, koma anzanu asanu akamalimbana ndi anthu asanu ndi mmodzi imatalika kwambiri.

Chachisanu ndi kutchinga pamene munthu wanu alibe mpira

Masewera akakhazikika mbali yanu, pamakhala otchinga asanu ndi mmodzi, atatu a kumbuyo ndi atatu a pakati, kulimbana ndi adani asanu ndi mmodzi. Mpira ndi umodzi, ndiye kuti pa nthawi iliyonse anthu asanu mwa inu akumaka munthu wopanda mpira. Gawo limeneli ndi limene limasiyanitsa wotchinga wodalirika ndi wothamanga chabe, komanso ndi limene ana amalinyalanyaza, chifukwa amaganiza kuti mpira ukachoka pa munthu wawo apeza nthawi yopuma.

Imani pamalo pamene mukhoza kuona mpira ndi munthu wanu popanda kutembenuka thupi lonse, ndipo mutu uzingoyendayenda pakati pa ziwirizi. Mukayang'ana mpira wokha, munthu wanu amazemba kumbuyo kwanu n'kukalandirira pakhomo pa golo. Mukayang'ana munthu yekha, simuona mnzanu akadojedwa. Munthu wanu akakhala pafupi ndi mpira, moti akhoza kulandira pa kupatsira kumodzi, muyandikireni pang'ono. Akakhala kutali, tsidya lina la bwalo, bwererani chamkati kufupi ndi crease kuti muthandize kutseka pakati. Ndodo ikhale m'mwamba, italoza mkati, m'njira imene mpira ungadutse. Ndodo ya mainchesi 60 yoimikidwa m'njira imalanda mipira yambiri kuposa ndodo yomweyo ikamamenya, ndipo ngakhale isagwire mpira imachititsa wopatsira kuponya mokweza, zimene zimapatsa anzanu nthawi yofika.

Munthu wanu akathamangira kugolo kuti alandire, pitani naye muli pakati pa iye ndi mpira, ndodo yanu ili pafupi ndi yake. Goloboyi akakuwa kuti "Check!", ndiye kuti mpira waponyedwa mkati, ndipo aliyense amene ali pafupi ndi crease atsitse ndodo yake pa ndodo kapena magolovesi a munthu wake nthawi yomweyo, osayamba wafufuza kumene mpira uli.

Kulankhula ndi gawo la ntchitoyi, ndipo manyazi alibe malo. Mawu ake ndi aafupi ndipo m'matimu ambiri amanenedwa m'Chingerezi. Amene ali pa mpira amati "I got ball". Amene akhale woyamba kuthandiza amati "I'm hot" kapena "I'm one", wotsatira amati "I'm two". Goloboyi, amene amaona bwalo lonse, amatchula pamene mpira uli, monga "top left" kapena "X". Timu iliyonse ili ndi mawu ake, choncho phunzirani a timu yanu ndipo muziwanena mokweza, mobwerezabwereza, chifukwa chisoti ndi chotetezera mano zimameza mawu. Wotchinga amene akumva mnzake kumbuyo akuti "I'm hot" amatchinga molimba mtima, podziwa kuti akadojedwa pali womugwirira.

Chachisanu ndi chimodzi ndi slide

Palibe wotchinga amene sadojedwa, ndipo slide ndi dongosolo la timu lothana ndi zimenezi. Tanthauzo lake ndi kusiya munthu wanu n'kuthamangira mdani amene wadutsa mnzanu. M'matimu ambiri woyamba kupita ndi amene akumaka munthu wa pa crease, popeza ali pakati ndipo mtunda wake ndi waufupi kupita kulikonse. Matimu ena amatumiza amene ali moyandikana ndi wodojedwayo, makamaka adani akapanda kuika munthu pa crease.

Tiyeni tione mmene zimayendera. Wosewera pakati wa timu inayo wadoja kuchokera kumtunda chakumanja ndipo wamusiya mnzanu ndi sitepe imodzi. Inu muli pa crease ndipo mwanena kale kuti ndinu woyamba. Mukangoona kuti mnzanuyo watsalira, kuwani mawu a timu yanu, kaya ndi "Fire" kapena "Go", n'kunyamuka osakayika. Lunjikani pamene mdaniyo akupita, osati pamene ali, mutu wa ndodo utatsogola pa magolovesi ake, thupi likutsatira, ndipo mukafika tsitsani chiuno kuti asakudojeninso. Musapite kukamenya ndodo yake n'kumuphonya, pitani kukamuimitsa. Pa nthawi yomweyo mnzanu wachiwiri uja achoke pa munthu wake n'kudzatseka munthu wa pa crease amene mwamusiya, chifukwa ameneyo ndiye woopsa kuposa onse. Wodojedwa uja asaime n'kumadandaula kapena kuthamangira kumbuyo kwa amene wamudutsa. Athamangire mkati, ku crease, ndipo ali kumeneko ayang'ane munthu amene watsala wopanda womumaka, yemwe kawirikawiri amakhala wakutali kwambiri ndi mpira.

Nthawi yonyamukira ndi imene imavuta. Mukafulumira kwambiri, mnzanu asanadojedwe, mumasiya munthu pachabe ndipo mdani amangopatsira. Mukachedwa, mumafika mpira uli kale mu ukonde. Kwa oyamba kumene, kufulumira kuli bwino kuposa kuchedwa, ndipo choipitsitsa ndi kunyamuka n'kuima pakati panjira, pamene simukumaka munthu wanu komanso simunafike pa mpira. Mukaganiza zopita, pitani ndithu.

Adani amagwiritsanso ntchito pick, pamene mmodzi amaima chilili m'njira ya wotchinga kuti mnzake adutse. Amene akumaka woimayo ndi amene amaona zimenezi poyamba, choncho achenjeze msanga kuti "pick left" kapena "pick right", n'kusiya kampata koti mnzake adutsepo. Mnzakeyo akakodwa, anene kuti "switch" kuti asinthane anthu. Mawu amenewa akanenedwa mochedwa, otchinga awiri amatsatira munthu mmodzi, wina n'kutsala yekha.

Mpira ukagwa pansi

Kutchinga konse kuja kumapita pachabe ngati mpira wagwa koma adani n'kuutolanso. Sunthirani dzanja lam'mwamba chakumutu kwa ndodo kuti muilamulire bwino, pondani pafupi ndi mpira, pindani mawondo, ndipo dzanja lam'munsi litsike mpaka m'munsi mwa bondo kuti ndodo igone. Tolani mukuthamanga modutsa mpirawo, kwezani mutu wa ndodo kufupi ndi nkhope yanu, n'kukhotera kumbali kwa bwalo kumene kulibe anthu. Kutola ndi dzanja limodzi kapena kukokera mpira kumbuyo ndi mutu wa ndodo kumapatsa mdani nthawi yokumenyani. Mpira ukagwa pakhomo pa golo pali chipwirikiti, musalimbane n'kutola mwaukhondo. Ukankheni ndi ndodo kapena ndi phazi kupita kumbali, popeza kumenya mpira ndi phazi n'kololedwa.

Pali lamulo lina limene ana amaiwala: mpira woponyedwa kugolo ukaphonya n'kutuluka kunja, umaperekedwa kwa timu ya wosewera amene anali pafupi nawo kwambiri pamene umatuluka. Choncho ngati muli kuseri kwa golo ndipo mwaona kuti mpira waphonya, thamangirani kumzere wakumapeto. Masitepe asanu okha akhoza kupatsa timu yanu mpira popanda kumenyana ndi aliyense.

Goloboyi akagwira mpira amakhala ndi masekondi ochepa okha mu crease, ndipo m'malamulo a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji a ku United States timu ili ndi masekondi 20 kuti idutse mzere wa pakati. Musaime n'kumamuyang'ana. Thamangirani kumbali mokhota, nkhope ikuyang'ana goloboyi, ndodo ili m'mwamba kuti aone pomwe angaponye. Pochotsa mpira muli asanu ndi awiri kuphatikiza goloboyi, kulimbana ndi asanu ndi mmodzi, ndiye kuti wina amakhala womasuka nthawi zonse ndipo palibe chifukwa chopupuluma. Pewani kuponya mpira mofooka modutsa pakhomo pa golo lanu. Mukaona njira yotseguka thamangani nawo nokha, koma podutsa mzere wa pakati kuwani kuti wosewera pakati mmodzi atsalire, popeza timu iyenera kusiya anthu anayi mbali yake ya bwalo.

Mukachepa m'bwalo chifukwa mnzanu ali pa chilango, bwererani mkati nonse, ndodo zili m'njira za mpira, ndipo muwalole kuponya kuchokera kutali. Adani anayi akabwera mothamanga pa inu atatu, imani ngati mafuwa kutsogolo kwa golo, mmodzi aimitse wa mpira, awiriwo azisuntha motsatira kumene mpira wapita, kuti anzanu a pakati apeze nthawi yobwerera.

Kwa atsikana

Masewera a atsikana ali ndi malamulo ena, ndipo kugundana ndi thupi n'koletsedwa. Ndodo zazitali kulibe. Kumenya ndodo ya mdani kuyenera kukhala kolamulirika ndiponso kolozera kutali ndi mutu wake, ndipo ndodo yanu isalowe m'danga la mainchesi asanu ndi awiri lozungulira mutuwo. Kwa ana aang'ono kumenyaku kumachepetsedwa kapena kuletsedwa kumene. Mkati mwa mzere wa mamita asanu ndi atatu kutsogolo kwa golo, wotchinga saloledwa kukhala masekondi oposa atatu ngati sakumaka munthu pafupi, ndipo saloledwa kuima m'njira ya mpira pakati pa woponya ndi golo pamene sakumumaka, lamulo lotchedwa shooting space limene linaikidwa poteteza wotchingayo. Chifukwa cha lamuloli, mtsikana akamapita kukathandiza mnzake azitsogoza ndodo, thupi lili pambali pa njira ya mpira. Zonse za mapazi, kafikidwe, kuona mpira ndi munthu, ndi kulankhula zimagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo kwa iwo n'zofunika koposa popeza alibe china chodalira.

Zochita pokonzekera

Pezani mnzanu wa ndodo yaifupi, ikani zizindikiro ziwiri motalikirana mayadi khumi, ndipo mutchingeni inu mulibe ndodo, manja ali kumbuyo kapena atagwira kansalu kakafupi kutsogolo. Cholinga chikhale kumukankhira mbali imene mwasankha musanayambe. Poyamba adzakudutsani kambirimbiri, koma mapazi amaphunzira msanga akasowa chowabisira zolakwa. Mukazolowera, tengani ndodo koma mudzilole lift check yokha. Kulumpha chingwe, basketball ndi netball zimathandizanso mapazi pa nyengo imene kulibe lacrosse.

Musaiwale khoma. Wotchinga amene sangagwire kapena kuponya mpira amabweza kwa adani mpira umene wauvutikira, choncho imani mayadi asanu kapena khumi kuchokera pa khoma la njerwa lopanda mawindo, mutavala magolovesi, n'kumaponya ndi dzanja lamanja kenako lamanzere, ndi ndodo yanu yaitali yomweyo. Mphindi khumi ndi zisanu tsiku lililonse zimaposa maola awiri a tsiku limodzi pa sabata. Ndipo mukamaonera masewera a m'makoleji pa intaneti, lekani kutsatira mpira kwa kanthawi. Sankhani wotchinga mmodzi, muone pamene amaima mpira ukakhala tsidya lina, kangati amatembenuza mutu, kumene ndodo yake yaloza, ndi nthawi imene amanyamukira slide, kenako mukayese zomwezo pa zokonzekera zotsatira, mnzanu mmodzi ataima pa crease, wina akudoja kuchokera kumtunda.